Kasetedwe ka fuzzy controller ya m'balani la fodya, ndi mmene mungadziwire ngati ikugwiradi ntchito

Anyamata angapo amene amasewera ndi ma Arduino, timakompyuta tating'ono toyendetsera makina, akhala akundifunsa funso limodzi lomwelo, akuti achimwene fuzzy controller ija talumikiza, code ikuyenda bwinobwino, koma kutentha m'balani kukungovina, kukwera kutsika kukwera kutsika, nde tiyambire pati? Ukawafunsa zimene apanga kale umapeza kuti onse anathamangira kusintha malamulo amene amauza controller chochita, lero lamulo ili mawa lina, mpaka tebulo lonse lasokonekera ndipo sakukumbukanso kuti poyamba linali bwanji. Malamulo ndi omaliza kuwagwira abale anga. Ndikulemba ndondomeko imene ine ndimatsata kuno ku Kasungu pa mabalani a flue cured, koma ngati muli ndi boiler kapena makina oumitsira chimanga ndi mtedza, njira yake ndi yomweyi.

Kwa amene simunaimvepo, fuzzy controller imaganiza ngati munthu wowotcha fodya. Mdala amene wagona pa ng'anjo zaka 20 sanena za madigiri 38.4 ayi, amati kwatentha pang'ono ndipo kukukwerabe, chepetsako moto. Mawu amenewa, pang'ono, kwambiri, kukukwerabe, ndi amene timawalowetsa mu kompyuta. Maganizo ake anayambitsa ndi Lotfi Zadeh ku Berkeley mu 1965, kenako Ebrahim Mamdani ku London cha m'ma 1974 anawayesa pa ka steam engine ka mu labu, malamulo ake ali ngati mawu amene munthu woyendetsa makinawo angalankhule. Pofika kumayambiriro kwa ma 1980 kampani ya F.L. Smidth ya ku Denmark inali ikuigwiritsa ntchito pa ng'anjo zowotchera simenti. Ng'anjo ya simenti ndi balani lathu ndi pachibale, konseko moto umachedwa kuyankha ndipo munthu wozolowera amaudziwa kuposa masamu a pa pepala.

Balani limene ndikunena ndi la nkhuni, munthu amasonkhezabe yekha, controller imangoyendetsa fani youzira mpweya mu ng'anjo, ndi ka motor kotsegula maventi ngati mwayika.

Yambani ndi sensa

Musanatsegule laputopu, yesani sensa. Phwanyani ayisi mu kapu ya madzi, dikirani mphindi zingapo, iwerenge pafupi ndi 0. Kenako madzi owira, koma apa musadabwe, kuno tili pamwamba kuposa mamita 1,000 nde madzi amawira cha m'ma 96 osati 100. Ndinaonapo mnyamata akuwonjezera madigiri 4 mu code poganiza kuti sensa yake ndi yabodza, pamene inali kunena zoona.

Mtundu wa sensa nawo uli ndi nkhani. Thermocouple ya K yokhala ndi MAX6675 imawerenga modumpha 0.25, pamene DS18B20 imadumpha 0.0625 ndipo imafika mpaka 125, zomwe zikukwana pa balani. Kusiyana kumeneku kuoneka kochepa koma mudzakuona tikafika poyeza liwiro la kutentha. Muipachike pakati pa masamba a mzere wapansi, kutali ndi mapaipi amoto komanso kutali ndi chitseko. Ikhale iwiri ngati ndalama ilipo, ina youma ina yokulungidwa kansalu konyowa koviikidwa m'botolo la madzi, imeneyo ndiyo wet bulb, imakuuzani za chinyezi.

Ndipo chonde lembani mu code kuti sensa ikawerenga zosamveka fani izime. DS18B20 waya wake ukaduka library imabweza -127, ndipo ikangodzuka kumene nthawi zina imayamba ndi 85. Pa esiteti ina yake cha kumadzulo kwa boma khoswe anatidyera waya usiku, controller inaona -127 nkuganiza kuti balani lazizira koopsa, fani mpaka 100, moto uli lawilawi fodya asanapse chikasu. Anatipulumutsa ndi mdala wosonkheza amene anamva kulira kwa fani kwasintha nkuthamangira kukazula pulagi. Masamba a mzere wapansi anauma ali obiriwira, ndipo obiriwira akauma sabwereranso.

Khalani pansi ndi mdala wa pa ng'anjo

Tengani kope mukakhale naye balani limodzi lathunthu, masiku 6 kapena 7 amenewo, osati kungobwera masana basi. Mufunseni mwaulemu, madala, panopa mwachepetseranji moto pamene thermometer sinafike? Adzakuuzani kuti taonani makalawo, akubwera okha awa. Lembani zimenezo momwe wanenera.

Ndondomeko ya kutentha nayo mugwirizane naye. Kawirikawiri popsetsa chikasu timakhala pakati pa 35 ndi 40, chinyezi chili chambiri, maventi otseka kapena otsegula pang'ono, kwa tsiku limodzi ndi theka mpaka awiri. Kenako timakwera pang'onopang'ono, pafupifupi digiri imodzi pa ola, kupita cha m'ma 55 kuumitsa tsamba uku maventi akutulutsa chinyezi, wet bulb isapitirire kwenikweni cha m'ma 40. Pomaliza cha m'ma 70 kuumitsa mtsempha wapakati, ndipo mukapyola kwambiri pamenepo tsamba limawauka nkufiira. Setpoint yanu, kutentha kumene mwauza controller kuti isunge, izikwera motsetsereka ngati mmene amakwerera mdalayo, osati kudumpha kuchoka 40 kufika 55 kamodzi.

Limveni balani mmene limayankhira

Apa ndi pamene ambiri amadumpha chifukwa kumatopetsa. Zimitsani za fuzzy zonse, fani muiyendetse pamanja. Ikani pa 30, dikirani kutentha kukhazikike, kenako kwezani kufika 40 nkusiya osagwiranso, nkhuni zikhale zofanana. Lembani kutentha masekondi 30 aliwonse, pa SD card kapena pa laputopu. Mukufuna zinthu zitatu: padutsa mphindi zingati kutentha kusanayambe nkomwe kusuntha, kwatenga nthawi yanji kuti kufike pa 63 peresenti ya ulendo wake wonse, ndipo kwakwera madigiri angati pa 10 imene mwawonjezerayo.

Nthawi yoyamba ija, imene balani limakhala chete ngati silinamve, ndi imene imavinitsa ma controller ambiri. Controller imakweza fani, osaona kusintha, nkukwezanso, nkukwezanso, kenako moto wonse uja umafika nthawi imodzi. Mukaidziwa nthawi imeneyi mudziwanso kuti controller yanu isamasankhe zochita pafupipafupi. Pa balani masekondi 30 akukwana, sekondi iliyonse ndi kungodzivutitsa. Ngati mungathe chitani mayeso amenewa kawiri, fodya ali wamuwisi komanso atauma, muona kuti ndi mabalani awiri osiyana, chifukwa tsamba lonyowa limameza moto wambiri potulutsa madzi.

Zolowa ziwiri, chotuluka chimodzi

Musachulutse. Cholowa choyamba ndi error, kutanthauza setpoint kuchotsera kutentha kumene kulipo. Chachiwiri ndi liwiro limene error ikusinthira. Chotuluka chisakhale liwiro la fani lenilenilo, chikhale kuti tiwonjezere kapena tichotsere zingati pa liwiro limene lilipo kale. Mukatero controller imakhala ngati PI, mtundu wa controller wamba umene umaunjika error, siyisiya kukankha mpaka error ithe. Koma muitsekere malire pa 0 ndi 100, ikafika pamenepo isapitirize kuunjika manambala mkati, apo bii nkhuni zikatha kwa theka la ola imadzaunjika mulu woti moto ukabwerera izakanika kutsika.

Cholowa chilichonse chigaweni magulu 5, kwazizira kwambiri, kwazizira pang'ono, kuli bwino, kwatentha pang'ono, kwatentha kwambiri. Maguluwo akhale ma triangle wamba pa girafu, kuyambira -1 mpaka 1, nsonga zake pa -1, -0.5, 0, 0.5 ndi 1, oyandikana azidutsana pa theka. Magulu 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi malamulo 25, akukwana. Ena amayamba ndi 7, malamulo 49, nkumalephera kuwatsata okha.

Chitsanzo kuti zimveke. Setpoint ndi 38, balani lili pa 36.5, error ndi 1.5. Tinene kuti mwasankha kuti madigiri 4 ndiye kwazizira kwambiri, nde 1.5 kugawa ndi 4 ndi 0.375. Nambala imeneyi ili mu gulu la kwazizira pang'ono ndi mphamvu 0.75, komanso mu gulu la kuli bwino ndi mphamvu 0.25. Malamulo a magulu onse awiri amalankhula nthawi imodzi, lina mwamphamvu lina mofooka, kenako controller imatenga pakati polemera pa mayankho awo, imene amati centroid. Nchifukwa chake fani siyidumpha, imayenda mosalala.

Liwiro la error musaliwerenge pa masekondi 5. Ndi MAX6675 kudumpha kumodzi kwa 0.25 pa masekondi 5 kumaoneka ngati madigiri 3 pa mphindi, controller nkumanjenjemera pachabe. Tengani avareji ya mawerengedwe angapo, ndipo liwirolo muliyeze pa mphindi 2 zapitazo.

Manambala atatu amene ali ndi ntchito yonse

Tsopano tafika pa mtima pa nkhani. Pali manambala atatu ochulukitsira, GE ya error, GCE ya liwiro la error, ndi GU ya chotuluka. Mavuto ambiri amene anthu amawafuna mu malamulo ali pano. Kusintha GU kamodzi ndi ngati mwasintha malamulo onse 25 mofanana, nde bwanji kuvutika ndi limodzilimodzi?

GE yoyambira, dzifunseni kuti ndi error yanji imene mdala uja angati apa zavuta. Akati madigiri 4, GE ndi 0.25. GCE, onani pa girafu ya mayeso anu aja kuti kutentha kunathamanga bwanji pamene kunathamangitsitsa, ngati ndi theka la digiri pa mphindi, GCE ndi 2. GU yambani ndi yaing'ono, mwina fani isasinthe kupyola 1 kapena 2 peresenti pa ulendo umodzi. Kuyamba mwaulesi nkwabwino kuposa kuyamba mwaukali, fodya amapirira kuchedwa koma sapirira kupsa.

Pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale amene anaphunzira ku koleji PID, controller wamba ya masamu yopanda malamulo a mawu. Popeza chotuluka chathu ndi chowonjezera, GE kuchulukitsa ndi GU ikugwira ntchito ya integral, kuunjika error pa nthawi, pamene GCE kuchulukitsa ndi GU ndi imene ikugwira ya proportional, kuyankha molingana ndi kukula kwa error. Anthu amaona kuvina nkukweza GE poganiza kuti akulimbitsa proportional, kumene akuthira integral yambiri, kuvina nkukulirakulira. Mukagwira mfundo imeneyi theka la ntchito latha.

Nde kwezani setpoint ndi madigiri 2 muone girafu. Kutentha kukamavina pang'onopang'ono, mafunde aatali otenga mphindi zambiri, tsitsani GE kapena kwezani GCE pang'ono. Fani ikamangoti kwere tsike kwere tsike pamene kutentha kuli phee, GCE yakula kapena phokoso la sensa likulowa, bwererani ku avareji ija. Kukamakwera mwaulesi osafika, kwezani GU. Kukapyola setpoint kwambiri kenako nkubwerera bwino, GU yakula pang'ono kapena GCE yachepa. Ndipo muzisindikiza pa screen manambala olowa atachulukitsidwa kale, mukaona nthawi zambiri akungokhala pa 1 kapena -1 dziwani kuti GE kapena GCE yakulitsa, controller yanu yasanduka switch wamba ya yatsa zimitsa ndipo malamulo apakati sakugwira nkomwe.

Sinthani nambala imodzi pa ulendo, ndipo musinthe mooneka, kudula pakati kapena kuwonjezera theka, osati 0.25 kupita 0.26. Mukasintha dikirani, balani si wailesi yoti ukapotokola imayankha pompo. Kope likhale pambali, tsiku, ola, mwasintha chani, chachitika nchiyani. Ine ndimajambulanso girafu iliyonse pa foni. Maventi asasunthe pamene mukuseta moto, chifukwa venti ikatseguka kutentha kumagwa ndipo simudziwa kuti walakwa ndani. Controller ya maventi, yoyang'ana wet bulb, muisete pambuyo pake ndipo ikhale yaulesi kuposa ya moto kuti zisamalimbane.

Mwina mupeza kuti manambala amene akuyenda bwino pa 38 ndi aulesi pa 68. Sizachilendo. Sungani GU zosiyana, ina ya chikasu, ina youmitsa tsamba, ina ya mtsempha, code izisankha malinga ndi setpoint.

Kenako ma triangle, pomaliza malamulo

Manambala atatu aja akakhala bwino mpamene mungagwire ma triangle. Kawirikawiri ndimangofinya apakati, nsonga za pang'ono kuzichotsa pa 0.5 kuzibweretsa cha pa 0.3, kuti controller izimva msanga error yaing'ono. Mukafinyitsa kuvina kumabwerera. Onetsetsani kuti palibe mpata pakati pa magulu, malo amene nambala ingagwere osapeza gulu, chifukwa pamenepo palibe lamulo lolankhula ndipo ma library ena amangobweza 0.

Malamulo yambani ndi tebulo lofanana mbali zonse, kenako mulowetse nzeru za mdala. Apa mpamene fuzzy imaiposa PID pa balani la nkhuni. Moto wa nkhuni kuukweza nkosavuta, kuutsitsa ayi, ukazimitsa fani makala amapitirizabe kutentha. Nde mbali ziwirizi zisafanane. Lamulo lakuti kukazizira pang'ono koma kukukwera pang'onopang'ono, pa tebulo wamba limati siya momwemo, ine ndimalisintha kuti chepetsa pang'ono, ngati mmene ananenera madala kuti makalawo akubwera okha. Lakuti kwatentha pang'ono ndipo kukukwerabe ndimaliika pa chepetsa kwambiri. Mbali yozizira ndimaisiya yofatsa. Malamulo 3 kapena 4 basi ndi amene ndimasintha pa 25 onse aja. Malamulo oyandikana asasiyane kwambiri, ngati lina likuti wonjeza kwambiri loyandikana nalo lisati chepetsa kwambiri. Ngati muli ndi MATLAB kapena scikit-fuzzy ya Python jambulani surface ya malamulo anu, ioneke ngati chitunda chotsetsereka, mukaona chigwembe kapena phompho pali lamulo lolakwika. Pa Arduino library ya eFLL imagwira bwino ntchito yoyendetsa malamulo a fuzzy.

Kuyeza ngati ikugwiradi

Maso amanama, makamaka chinthu ukachipanga wekha umafuna chioneke bwino. Nde tiyeze ndi manambala. Tsegulani log yanu mu Excel, setpoint mu column B, kutentha mu C, mu D lembani =ABS(B2-C2)*0.5 ngati mumalemba masekondi 30 aliwonse, kokerani mpaka pansi nkuphatikiza zonse. Imeneyo ndi IAE, ikachepa ndiye kuti mwatsata bwino setpoint. Mukachulukitsa error ndi iyo yomwe musanaphatikize mupeza ISE, imene imalanga kwambiri error zikuluzikulu, ndipo pa fodya ine ndimaikonda imeneyi chifukwa kuphonya digiri imodzi kwa ola sikuwononga ngati kuphonya madigiri 6 kwa mphindi 10. ITAE imachulukitsa ndi nthawi, imagwira controller imene imachedwa kukhazikika. Manambala amenewa payekha alibe tanthauzo, amagwira ntchito poyerekeza maseting awiri pa mayeso ofanana, nthawi yofanana.

Onjezerani izi: kwapyola setpoint ndi madigiri angati pamene kunapyolesesa, kwatenga mphindi zingati kulowa mkati mwa digiri imodzi osatulukanso, ndipo fani yasintha kangati pa ola. Chomalizachi anthu amachiiwala, controller ikhoza kukhala ndi IAE yokongola koma ikupha motor. Nkhuni nazo muziyeza, ngolo kapena mulu wofanana, balani lililonse ladya zingati, chifukwa mwini esiteti funso lake loyamba likhala limenelo, ndipo mitengo ku Kasungu kuno tonse tikuona mmene yathera.

Kenako ivutitseni dala. Tsegulani chitseko cha ng'anjo mphindi 2 ngati mukusonkheza. Ponyani chikuni cha bulugama chonyowa. Tsegulani venti mwadzidzidzi. Dikirani mvula ya February igwe pa malata madzulo muone girafu ikuti bwanji, komanso m'bandakucha kukazizira. Zimitsani magetsi nkuyatsanso, muone ngati ikukumbuka pamene inali kapena ikuyambiranso pa 35 fodya ali pa tsiku lachisanu. Zulani waya wa sensa dala. Mayeso oopsawa chitani balani lili lopanda fodya kapena muli masamba otsika mtengo.

Muiyerekezenso ndi ena awiri mosakondera. Woyamba PID wamba, yosetedwa mwachilungamo, olo ndi njira yakale ya Ziegler ndi Nichols ya 1942 kenako nkuifewetsa, osati PID yongoponyera manambala kuti fuzzy yanu iwine. Wachiwiri ndi mdala mwiniwake akuwotcha pamanja, sensa ikungolemba. Mabalani akhale ofanana, fodya wothyoledwa tsiku limodzi, chifukwa masamba apansi ndi apamwamba sawotcheka mofanana ndipo mukasakaniza mudzanamizira controller mlandu wa tsamba. Ngati PID ikuchita chimodzimodzi ndi fuzzy pa makina anu, ikani PID, ili ndi manambala atatu okha ndipo amene adzabwere pambuyo panu adzaimva msanga. Ine pa matanki a madzi ndi ma heater a magetsi ndimaika PID, fuzzy ndimaisungira moto wa nkhuni.

Balani limodzi si umboni. Yendetsani atatu kapena anayi, fodya wa balani lililonse mumusunge payekha ndi chizindikiro chake mpaka posankha magiredi, muwerenge wobiriwira ndi wochuluka bwanji, wakuda ndi wowauka ndi wochuluka bwanji, ndipo mabelo akapita ku Chinkhoma mulembe magiredi amene apatsidwa pambali pa IAE ya balani lake mu kope lomwe lija.

Musanachoke pa esiteti ikani thermostat yapayokha, yosadalira Arduino, yodula fani kutentha kukafika cha m'ma 78, ndi switch yaikulu yolembedwa PAMANJA imene wosonkheza angaipeze mumdima ndi tochi ya pa foni. Batire ya controller ikhale ndi sola yake. Lembani GE, GCE ndi GU zonse pa kakhadi, mukakulunge mu pulasitiki nkukamata mkati mwa chitseko cha bokosi, pamodzi ndi tsiku limene munaziseta. Ndiye muwaonetse madala aja girafu ya balani limene anawotcha okha pambali pa ya controller, muwafunse kuti apa pa tsiku lachitatu usiku munatsegulira venti chani pamene makinawa sanatsegule, yankho lawo mulilembe m'kope kuti mudzaliyese pa balani lotsatira.